Funsani Alangizi: Lamulo la Moto pa Malo a Malonda, Opempherera ndi Ogwirira Ntchito ku Britain

Makalata a mwezi uno achokera kwa abale athu amene akukhala ku Britain, ndipo ngakhale olemba ake sakudziwana, onse akufunsa za lamulo lopewera ngozi za moto pa malo amene si nyumba yokhalamo banja limodzi. Mayina tawasunga monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata ena tawafupikitsa. Amene walandira kale chikalata cha boma pa nkhani zotere aonanenso ndi loya wa komweko, chifukwa masiku ochitira apilo ndi owerengeka.

FUNSO: Alangizi, ndili ndi malo aang'ono ogulitsira zakudya ku Luton, momwe timaphika nsima, nyemba, nkhuku ndi tchipisi, ndipo ndinalemba ntchito anthu atatu. Nyumbayo si yanga, ndimachita lendi pansi pokha. Sabata yatha kunabwera mkulu wina wochokera kwa ozimitsa moto kudzayendera malowo. Iye anadandaula kuti chitseko cha kumbuyo ndinachimanga ndi tcheni, kuti m'kanjira kopita ku chitsekocho ndinaunjikamo matumba a ufa ndi zigubu za mafuta, komanso kuti ndilibe pepala la kauniuni wa ngozi za moto. Anaonanso matiresi m'chipinda chosungira katundu, momwe mwana wa achemwali anga amagona tikaweruka mochedwa. Chitsekocho ndinachimanga chifukwa mbala zinandithyolera kawiri, ndipo pa zaka zinayi zonse sipanabukepo moto. Kodi mlandu wanga ndi wotani, nanga bwanji sakupita kwa mwini nyumba? Ndine mayi wa ku Luton.

YANKHO: Pepani ndi za mbalazo, mayi, koma ndikuuzeni mosapsatira kuti mkuluyo anagogoda pa khomo loyenera. Lamulo limene anabwera nalo limadziwika kuti Fire Safety Order ya 2005. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2006 ku England ndi ku Wales, ndipo limakhudza pafupifupi malo onse amene si nyumba ya banja limodzi, kuyambira mashopu, maofesi, malo odyera ndi mafakitale mpaka masukulu, mahotela, matchalitchi, ngakhalenso makonde ndi masitepe a nyumba zosanja zokhalamo mabanja ambiri. Lisanabwere lamuloli, malo ambiri ankayendera lamulo la 1971, lomwe linakhazikitsidwa anthu 11 atafa pa moto wa mu hotela ina ku Saffron Walden mu Disembala 1969. M'masiku amenewo ozimitsa moto ankabwera kudzayendera malo n'kupereka satifiketi, ndipo mwini malo ankaisunga ngati umboni wakuti zonse zili bwino. Satifiketi imeneyo inathetsedwa. Ntchito yofufuza chimene chingapse, amene angavulale ndi chimene chiyenera kukonzedwa inaikidwa m'manja mwa munthu amene lamulo limamutcha responsible person, kutanthauza mwini udindo pa malopo.

Mwini udindoyo samudziwira pa mapepala a umwini wa nyumba. Pa malo a ntchito, iye ndi amene analemba anthu ntchito, malinga ngati malowo ali m'manja mwake, ndipo pamene palibe wolemba ntchito, udindowo umagwera amene akulamulira malowo, kapena mwini nyumba ngati palibe wina wowalamulira. Inu muli ndi antchito atatu, makiyi mumasunga ndinu, ndipo tcheni ija munamanga ndinu. Mwini nyumba nayenso ali ndi gawo lake pa zimene zili m'manja mwake, monga masitepe odutsa anthu onse, kapena alamu ya nyumba yonse ngati mgwirizano wa lendi ukunena kuti woisamalira ndi iye, ndipo lamulo limakakamiza inu awiri kudziwana ndi kugwirira ntchito limodzi. Werengani bwino mgwirizanowo kuti mudziwe pamene pali malire, koma musayembekezere kuti ukuchotsani pa nkhani ya chitseko ndi matumba a ufa. Walira mvula walira matope, ndipo tsiku limene munalandira makiyi munalandira ndi udindo womwe.

Za chitsekocho ndikumvetsa kumene zikuchokera. Ambirife tinakulira m'nyumba za zitsulo m'mawindo ndi maloko awiri pachitseko, ndipo kwathu munthu wotseka molimba amayamikiridwa kuti ndi wochenjera, chifukwa timayang'ana chitseko kuchokera kunja, kumene kumachokera mbala. Lamulo ili limachiyang'ana kuchokera mkati. Ndime 14 imafuna kuti njira zothawira zikhale zopanda katundu nthawi zonse, ndiponso kuti chitseko chothawira chisakhomedwe mwa njira yoti munthu wofuna kutuluka pa ngozi n'kulephera kuchitsegula mosavuta ndi mwamsanga. Taganizirani wophika wanu ali mu utsi, magetsi atazima, mafuta akuyaka pakati pa iye ndi khomo la kumaso, kenaka akufunafuna kiyi amene ali m'chikwama chanu. Mwayi wake ndi wakuti simukufunika kusankha pakati pa mbala ndi moto. Alipo maloko amene kunja amafuna kiyi koma mkati amatseguka pongokankha chitsulo chopingasa kapena popotoza kachitsulo ndi zala, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi chindapusa.

Mfundo yakuti sipanabukepo moto ndiyo imasocheretsa anthu ambiri. Malinga ndi ndime 32, mlandu umakhalapo pamene mwini udindo walephera kuchita zimene lamulo likufuna, ndipo kulepherako kwaika munthu mmodzi kapena angapo pa chiopsezo cha imfa kapena kuvulala kwambiri moto utati ubuke. Wozenga mlandu safunika kuonetsa phulusa kapena maliro, koma chiopsezo chokha. Chitsanzo chodziwika ndi cha shopu ya zovala ya New Look mu msewu wa Oxford Street ku London, yomwe inapsa mu Epulo 2007. Palibe amene anafa, ndipo kampaniyo sinaimbidwe mlandu woyambitsa motowo, koma inavomera kuti kauniuni wake anali woperewera ndiponso kuti antchito ake sanaphunzitsidwe mokwanira, ndipo mu 2009 inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Itachita apilo, bwalo lalikulu linakana mu 2010 kuchepetsa ndalamazo, poona kuti khoti siliyenera kudikira kuti munthu afe kapena avulale kaye lisanaonetse kukula kwa mlandu.

Tsono onani bwino pepala limene mkuluyo wakusiyirani kapena limene akutumizireni, chifukwa mapepala awo sali ofanana mphamvu. Pamene zolakwika zili zazing'ono, amangolemba kalata yolangiza zoyenera kukonza. Pamene aona kuti lamulo laphwanyidwa ndithu, amapereka chikalata chokakamiza, chotchedwa enforcement notice, chomwe chimatchula zolakwikazo ndi nthawi yozikonzera, ndipo nthawiyo siichepera masiku 28. Pamene aona kuti chiopsezo ndi chachikulu kwambiri, amapereka chikalata choletsa, prohibition notice, chomwe chingatseke malo onse kapena mbali yake nthawi yomweyo. Matiresi aja ndiwo akundidetsa nkhawa koposa zonse, chifukwa munthu wogona pafupi ndi khitchini, popanda alamu yoti imudzutse ndi njira yotetezeka yotulukira, ndiye amachititsa kawirikawiri kuti malo odyera alandire chikalata choletsa. Mwanayo mumupezere pogona pena lero lomwe.

Zikalata ziwirizi mukhoza kuzichitira apilo ku bwalo la majisitireti pasanathe masiku 21. Apiloyo imaimitsa kaye chikalata chokakamiza, koma chikalata choletsa chimapitirira kugwira ntchito pokhapokha bwalo litalamula mwina. Kunyozera chimodzi mwa izo ndi mlandu paokha. Pa milandu ikuluikulu ya lamuloli chindapusa chilibe malire, ndipo ngati nkhani yapita ku bwalo lalikulu la Crown Court, munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka ziwiri, kapena kulandira zilango zonse ziwiri. Sindikunena izi kuti musowe tulo. Amene wakonza zinthu msanga ndi kuonetsa umboni wake kawirikawiri nkhani yake imathera pa kuyenderanso, ndipo amene amafika kukhoti nthawi zambiri ndi amene anachenjezedwa n'kunyozera, kapena amene anapezeka ataika miyoyo pachiswe moonekeratu.

Za pepala la kauniuni, n'kutheka kuti wina anakuuzani kale kuti bizinesi ya antchito osakwana asanu siifunika kulemba. Zinalidi choncho, koma kuyambira pa 1 Okutobala 2023 mwini udindo aliyense ayenera kulemba kauniuni wake yense, ngakhale malo atachepa bwanji. Mu khitchini ngati yanu, kauniuniyo asaiwale mafuta amene amaundana m'paipi yotulutsira utsi, omwe amayaka mobisika ndi kupititsa moto ku zipinda za pamwamba, komanso mtundu wa chozimitsira moto chimene muli nacho. Moto wa mafuta ophikira suthiridwa madzi, ndipo botolo loyenera ndi lija la chizindikiro chachikasu, lolembedwa kuti wet chemical.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo wina wa Amalawi ku Manchester. Titatopa ndi kubwereka maholo a sukulu, tinachita lendi nyumba imene kale inali yosungiramo katundu. Lamulungu timasonkhana anthu oposa 100, ndipo pa mapemphero a usiku wonse ana amagona m'kachipinda ka pamwamba pamene amayi akuphika ndi gasi pansi. Khomo limene timagwiritsa ntchito ndi limodzi, chifukwa linalo ndi chitseko chachikulu chachitsulo chokwezera m'mwamba, chimene timachisiya chotseka chifukwa cha kuzizira. Mnyamata wina mu mpingo akuti tikuphwanya lamulo, koma ife sitichita malonda ndipo tilibe wantchito wolipidwa. Kodi lamulo la mabizinesi lingakhudze nyumba ya Mulungu?

YANKHO: Bambo mkulu wa mpingo, mnyamatayo mumuthokoze pamaso pa anthu, chifukwa wanena zoona. Lamuloli silifunsa ngati pa malopo pamalowa phindu. Pofotokoza amene ali ndi udindo, limatchula malonda, bizinesi kapena ntchito ina iliyonse, yopezera phindu kapena ayi, ndipo anthu amene limawateteza ndi onse amene ali pa malopo mololedwa, pamodzi ndi oyandikana nawo amene moto ungawafikire. Mpingo wopanda wantchito uli ndi mwini udindo ndithu, yemwe ndi bungwe kapena anthu amene akulamulira nyumbayo, ndipo kawirikawiri amenewa ndi amene anasaina mgwirizano wa lendi kapena matrasti a mpingo. Ngati mpingo wanu unalembetsedwa ngati kampani, dziwaninso kuti lamulo limalola kuimba mlandu mkulu wa bungwe payekha pamene kulakwako kunachitika iye atavomereza, atalekerera dala kapena atanyalanyaza. Choncho dzina la mpingo si chishango cha amene amakhala mu komiti.

Nyumba yosungiramo katundu inamangidwira anthu ochepa, odziwa malowo, ogwira ntchito masana. Inu mwalowetsamo khamu la anthu, ena okalamba, ena obereka ana kumbuyo, ena alendo amene sadziwa kumene kuli khomo. Malangizo a boma pa malo osonkhanira amanena kuti chipinda cha khomo limodzi chisapitirire anthu 60, ndipo pamene anthu aposa chiwerengero chimenecho pamafunika makomo osachepera awiri, otalikirana, okhala ndi zitseko zotsegukira kunja. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Moto ukabuka pafupi ndi khomo limodzilo, palibenso kolowera, ndipo khamu likakankhana pa chitseko chotsegukira mkati, amene ali kutsogolo sangathe kuchikoka. Chitseko chokwezera m'mwamba chimene chili chotseka musachiwerengere ngati khomo lothawira. Malangizo amenewa si lamulo paokha, koma bwalo likhoza kuwagwiritsa ntchito poona ngati munachita zoyenera, ndipo amene wawasiya amafunika kuonetsa kuti njira yake ndi yotetezeka mofanana.

Chimene chandiimitsa mutu m'kalata yanu ndi ana ogona pamwamba pamene pansi pakuyaka gasi. Utsi umakwera, ndipo masitepe amene anawo angatsikire ndiwo amasanduka chumuni. Pa mapemphero a usiku pamakhalanso zoimbira zokweza mawu, moti alamu yofooka singamveke. Mpaka mutapeza munthu wodziwa bwino ntchitoyi kuti aone nyumbayo, ana agone pansi pafupi ndi makolo awo, chakudya chiphikidwe kunyumba n'kubwera nacho, ndipo chiwerengero cha anthu chigwirizane ndi makomo amene alipo. Sankhaninso madikoni kapena othandiza pakhomo angapo amene adziwe za kutulutsa anthu, kuthandiza oyenda movutika ndi kuimba 999, nambala ya zangozi. Pali nkhani inanso yapadera, yakuti kusandutsa nyumba ya katundu kukhala yopempherera kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo ndi bwino kufunsa ngati chinatengedwa musanawononge chopereka cha akhristu pokonza nyumba imene mwina simuloledwa kukhalamo.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Nottingham, ndipo ndinabwera pa viza imene abwana anga ndiwo anandithandiza kupeza. Usiku timatsekereza zitseko za m'makonde ndi timitengo kuti zisamadzitseke, chifukwa ndi zolemera ndipo timafuna kumva agogo akamaitana. Mwezi watha anatipatsa pepala kuti tisaine kuti taphunzitsidwa za moto, chonsecho maphunzirowo sanachitike, ndipo nthawi zina amandiuza kuti ndilembe m'buku kuti alamu yayesedwa pamene sinayesedwe. Ndikuopa kulankhula chifukwa cha viza. Kodi zitavuta, mlandu ungakhale wanga?

YANKHO: Achemwali, mlandu waukulu ndi wa abwana anu, koma mbali ina ingathe kukugwerani, ndipo ndi bwino muidziwe. Ndime 21 ya lamulo lija la 2005 imalamula wolemba ntchito kuphunzitsa antchito za moto pamene angoyamba ntchito, kubwereza maphunzirowo nthawi ndi nthawi, ndi kuwachititsa mkati mwa maola a ntchito. Iye sangakulipiritseni pa zimenezi, ndiponso sangadziteteze kukhoti ponena kuti wolakwa anali wantchito wake. Komabe ndime 23 imapatsa wantchito aliyense udindo wosamala moyo wake ndi wa ena, wogwirizana ndi abwana pa zachitetezo, ndiponso wowadziwitsa za chilichonse chimene akuona kuti ndi choopsa. Wantchito amene walephera udindo umenewu mpaka kuika anthu pa chiopsezo cha imfa kapena kuvulala kwambiri akhoza kulipitsidwa chindapusa. Kuwonjezera apo, kulemba dala zabodza m'buku kapena chikalata chimene lamuloli limafuna kuti chisungidwe ndi mlandu wa munthu amene walembayo. Ofufuza akadzatsegula bukulo adzapeza dzanja lanu, osati mawu amene munauzidwa pakamwa. Lekani kusaina zimene sizinachitike.

Timitengo ta pazitseko tisakuonekereni tochepa. Zitseko zolemerazo zinapangidwa kuti zitchinge moto ndi utsi kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo m'nyumba ya okalamba nthawi imeneyo ndiyo chitetezo chenicheni, popeza antchito awiri kapena atatu a usiku sangathe kutulutsa panja anthu onse osayenda. Amawasuntha kuchoka ku chigawo chimene chikuyaka kupita kuseri kwa chitseko chotsatira, ndipo chitsekocho chikakhala chotsegula, njira yonseyo yafa. Okalamba 14 anafa chifukwa cha moto umene unabuka pa 31 Januwale 2004 ku Rosepark, nyumba yosamalira okalamba ya ku Uddingston ku Scotland, kufupi ndi Blantyre wa kumeneko kumene anabadwira David Livingstone. Motowo unayambira pa vuto la magetsi m'kabati ya m'khonde ndipo sunafalikire kutali, koma utsi unalowa m'zipinda zimene zitseko zake zinali zotsegula, antchito anachedwa kuitana ozimitsa moto, ndipo kafukufuku wa bwalo amene anatha mu 2011 anapeza kuti imfazo, zina kapena zonse, zikanapeweka pakanakhala dongosolo loyenera. Ngati vuto ndi kulemera kwa zitseko, zilipo zipangizo zimene zimagwira chitseko chili chotsegula n'kuchisiya chidzitseke alamu ikalira, ndipo kugula zimenezo ndi udindo wa eni nyumbayo.

Makhoti sachita nawo chibwana makampani osamalira okalamba. Mu Januwale 2022 kampani ya Bupa inalipitsidwa mapaundi 937,500 chifukwa cha imfa ya bambo wina woyenda pa njinga ya olumala, amene anapsa mu 2016 akusuta fodya popanda womuyang'anira pa nyumba ina ya kampaniyo ku Brockley mu London. Bamboyo ankadzola mafuta a pakhungu a mtundu umene ukalowerera m'zovala umachititsa nsalu kuyaka msanga. Inu amene mumadzoza agogo mafuta otere tsiku ndi tsiku, nkhani imeneyi muisunge.

Za mantha anu, sindingakunamizeni kuti palibe abwana obwezera. Koma yambani ndi kulemba nkhawa zanu kwa oyang'anira pa imelo, mwaulemu ndi motchula masiku, ndipo musunge kope, chifukwa potero mwakwaniritsa udindo wanu wodziwitsa. Zikapanda kusintha, mukhoza kudziwitsa ozimitsa moto a m'dera lanu kapena bungwe la Care Quality Commission, lomwe limayendera nyumba zotere ku England, n'kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe. Lilipo lamulo la 1998 loteteza antchito oulula zoopsa pa ntchito, ndipo bungwe la apantchito kapena ofesi yopereka uphungu ya Citizens Advice angakufotokozereni mmene limagwirira ntchito kwa munthu wa viza ngati yanu musanachite kanthu.

FUNSO: Ndili ndi shopu yometa tsitsi ku Birmingham. Munthu wina pa Facebook akuti ndikamutumizira ndalama pang'ono ndi zithunzi za shopu, anditumizira satifiketi ya moto tsiku lomwelo. Kodi imeneyo ingandikwanire?

YANKHO: Achimwene, ndalamazo musatumize. Monga ndanenera poyankha mayi a ku Luton, satifiketi ya moto inatha mu 2006, ndipo chimene lamulo likufuna ndi kauniuni woyenera ndi wokwanira wa malo anu enieniwo. Munthu amene sanaone kumene mumasunga mankhwala a tsitsi opopera, mmene mwalumikizira makina ometera ndi zoumitsira tsitsi pa soketi imodzi, kapena ngati pamwamba pa shopu pamagona anthu, angakupatseni pepala lokongola lopanda kanthu. Lamulo silikukakamizani kulemba ntchito katswiri, ndipo pa shopu yaing'ono ya chipinda chimodzi mukhoza kuchita nokha kauniuniyo potsatira malangizo aulere amene boma linaika pa intaneti. Mukasankha kulemba munthu, dzina lake liyenera kulembedwa m'mapepala anu, koma udindo umatsalabe pa inu. Nayenso wochita kauniuni wachinyengo sapulumuka. Mu 2011 bwalo la ku Nottingham linagamula kuti woyendetsa mahotela awiri a ku Mansfield pamodzi ndi munthu amene anamulembera kauniuni wosakwanira akakhale kundende miyezi isanu ndi itatu aliyense.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tili ndi nyumba yachiwiri ku Glasgow imene timalandiriramo alendo olipira kudzera pa Airbnb. Kodi imeneyi si nyumba wamba yogonamo? Nanga malamulo a ku England amagwiranso ntchito kuno?

YANKHO: Mayi, nyumba imene mukugonekamo alendo olipira kwa masiku ochepa imatengedwa ngati malo a bizinesi pa nkhani ya moto, ngakhale ikuoneka ngati nyumba ina iliyonse mu msewu wanu. Koma lamulo lanu si la ku England. Scotland ili ndi lamulo lakelake la moto la 2005, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono a 2006 olithandizira, monganso Northern Ireland ili ndi lake la 2006. Mzimu wake ndi umodzimodzi, wakuti amene akulamulira malo ndiye afufuze chiopsezo ndi kuchichepetsa, koma mayina ndi njira zimasiyana. Woyendera malo ndi Scottish Fire and Rescue Service, yomwe yakhala nthambi imodzi ya dziko lonselo kuyambira mu Epulo 2013, apilo imapita kwa woweruza wotchedwa sheriff pasanathe masiku 21, ndipo chindapusa pa mlandu wozengedwa mwachidule chimafika mapaundi 20,000, pamene pa mlandu waukulu chilibe malire ndipo ndende imafikanso zaka ziwiri. Dziwaninso kuti ku Scotland malo ogoneka alendo kwa masiku ochepa amafuna laisensi ya khonsolo, ndipo amene anali kale pa bizinesiyi anayenera kukhala atapempha laisensiyo pofika pa 1 Okutobala 2023. Zachitetezo cha moto ndi mbali ya zofunika pa laisensiyo, choncho kauniuni wanu akhale wolembedwa.

Mlendo amasiyana ndi mwini nyumba chifukwa sadziwa kumene kuli makiyi, sadziwa kuti chitseko china chimalimba, ndipo amagona tulo ta munthu wotopa ndi ulendo. Pa 18 Disembala 2017 alendo awiri anafa pa moto wa ku hotela ya Cameron House m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond. Wantchito wa usiku anawola phulusa la pamoto wowotha, n'kuliika m'thumba la pulasitiki, n'kulisiya m'kabati mmene munali nkhuni zoyatsira ndi nyuzipepala. Aliyense amene anaphikapo pa mbaula akudziwa kuti phulusa looneka lozizira limasunga khala lamoto mpaka m'mawa. Mu Januwale 2021 kampani ya hotelayo inalipitsidwa mapaundi 500,000, ndipo zinamveka kukhoti kuti ozimitsa moto anali atachenjeza kale za kusunga zinthu zoyaka m'kabatimo, pamene wantchitoyo analamulidwa kugwira ntchito yosalipidwa kwa maola 300. Ngati nyumba yanu ili ndi malo osonkhapo moto kapena chowotchera nyama panja, ikani ndowa yachitsulo ya chivindikiro yotayiramo phulusa kutali ndi khoma, ndipo mulembe malangizo ake pamalo oonekera. Ma alamu a utsi ndi a kutentha akhale olumikizana kuti imodzi ikalira zonse zilire, chitseko cha kumaso chizitseguka mkati popanda kiyi, ndipo muziwayesa ma alamuwo nthawi iliyonse alendo akatuluka, ena asanalowe.